Kubwezeretsa nkhalango paphiri lometeka: yambani ndi zitsa, mbande zibwere pambuyo

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko la Malawi limakhala mu nyengo yodzala mitengo. Mbande zimagawidwa, akuluakulu amajambulitsa atagwira khasu, ana asukulu amaimba. Mukabwerera pamalo omwewo mu Okutobala, mayenje ambiri mumawapeza ali pululu: zina zadyedwa ndi chiswe, zina mbuzi zabudula, zotsalazo moto wanyambita. Koma pambali pa dzenje lomwelo pamakhala chitsa cha mombo chomwe chaphukira chokha, popanda wochithirira ngakhale kamodzi, ndipo nthawi zambiri anthu odzala mitengo aja ndi omwe amachisadza kuti mbande yawo ione dzuwa.

Mitengo ya m'nkhalango zathu zachilengedwe, monga mombo, tsamba, mtondo, msuku, muula, muwanga ndi thombozi, siifa msanga ikadulidwa. Moyo wake wambiri uli pansi. Chitsa cha mtengo umene unadulidwa ndi owotcha makala chimakhalabe ndi mizu ikuluikulu yofika kuya, kumene chinyezi sichitha ngakhale m'chilimwe, choncho mphukira yake imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu imene mizu yake sinakwane ndi chikhatho chomwe. Ku Niger, m'chigawo cha Maradi, alimi anayamba kusamalira zitsa zotere m'minda yawo cha m'ma 1983 molimbikitsidwa ndi Tony Rinaudo wa ku Australia, ndipo lero mahekitala pafupifupi 5 miliyoni m'dzikolo ali ndi mitengo yomwe palibe anaidzala. Kwathu kuno mvula ndi yambiri kuposa ku Maradi. Chomwe chimalepheretsa mapiri athu kuvalanso ndi moto, mbuzi, nkhwangwa yofika msanga, ndi kusamvana kwa eni mudzi. Malangizo awa ndi a mudzi umene uli ndi phiri, chitunda kapena tchire lometeka pa malo a mfumu, ndipo ukufuna kuti mitengo, madzi ndi nyama zibwerere.

Choyamba: liyendeni phirilo musanaitanitse msonkhano

Musapite nokha. Tengani agogo awiri kapena atatu amene analiona phirilo lisanameteke, amayi amene amatolako nkhuni, ndi sing'anga ngati alipo m'mudzimo. Anthu amenewa amazindikira mtengo poona khungwa la chitsa kapena masamba awiri okha. Nthawi yabwino ndi Meyi kapena Juni, masamba asanayoyoke komanso moto usanadutse.

Sankhani malo angapo, kumunsi, pakati ndi pamwamba. Pa malo alionse pimani mapazi 20 m'litali ndi 20 m'lifupi, muzike zikhomo m'makona, kenako muwerenge zitsa zamoyo zonse ndi timitengo tonse tobisala mu udzu, n'kulemba maina ake m'kope. Vundukulani udzu ndi manja. Kamtengo ka tsamba kofika m'kakolo kangathe kukhala ndi zaka zambiri: kamaphukira ndi mvula, moto n'kukapsereza, kenako n'kuphukiranso, koma muzu wake ukukulirakulira pansi. Mukapeza zitsa ndi timitengo tamoyo makumi angapo pa kamalo kameneka, musavutike ndi nazale. Nkhalango ilipo kale.

Pochoka kuphiri, pemphani chilolezo kwa amfumu kuti akuluakulu oyenera akayang'ane mitengo ya kumanda. M'midzi yambiri msitu wa kumanda ndi wokhawo umene nkhwangwa sinaulowe, ndipo mitengo yomwe ili kumeneko ikuuzani zomwe dothi la kwanu limabereka likasiyidwa. Mbewu zambiri zimene mbalame ndi mileme zidzabweretse kuphiri zidzachokeranso komweko.

Paulendo womwewo onetsetsani kumene moto umachokera chaka ndi chaka, tinjira ta njinga za makala, malo amene kale panali kasupe, ndi zigwembe zimene madzi akumba. Jambulani zonsezi papepala lalikulu, ngakhale la thumba la simenti.

Chachiwiri: malire, eni ake ndi malamulo

Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linaunikidwanso mu 2020, limalola nyakwawa kupatula malo pa dziko la makolo kuti akhale nkhalango ya m'mudzi, ndipo limazindikira komiti yoyang'anira zachilengedwe yosankhidwa ndi anthu a m'mudzimo. Choncho khomo loyamba ndi la amfumu, lachiwiri ndi la mlangizi wa za nkhalango wa m'dera lanu.

Pa nkhani ya malire musathamange. Amene ali ndi minda m'tsinde mwa phiri, amene anatsegula mphanje pamwamba, ndi midzi yoyandikana imene imadyetsako ziweto, onsewa ayende nawo tsiku loika malire, mapazi awo aponde pomwe mwala ukuikidwa. Malire oikidwa pa msonkhano wa pansi pa mtengo wa mango, eni minda ali ku maliro kwina, ndi amene amabala moto wa dala mu Okutobala. Ikani miyulu ya miyala, pakani utoto pa matanthwe, ndipo m'malo opanda miyala dzalani khonje kapena nsungwi.

Mu komiti musadzaze abale a mfumu okhaokha. Amayi akhale ochuluka ndithu, pakuti ndi amene amapita kuphiri kawirikawiri ndipo amadziwa amene wadula chiyani. Ndipo ngakhale ena adzanyinyirika, muikemo mmodzi wa owotcha makala ndi mmodzi wa anyamata osaka mbewa. Munthu amene mwamusiya kunja kwa mpanda ndi amene amauboola.

Malamulo akhale ochepa, oti mwana wa sitandade 5 angawanene pamtima: osadula mtengo wauwisi popanda chilolezo cha komiti, osayatsa moto, osafundula makungwa kapena luzi, osatchera misampha, mbuzi ndi ng'ombe zisalowe m'chigawo chotsekedwa. Chindapusa chikhale chomwe munthu wa m'mudzimo angathe kulipira, nkhuku, mbuzi pa mlandu waukulu, kapena masiku olambula njira ya moto. Chindapusa chokwera kwambiri palibe amene amalimba mtima kuchilipiritsa kwa mlamu wake, ndiye lamulo limafera pomwepo. Mukagwirizana, lembani, amfumu asainire, mupite nawo kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu, kenako ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma kuti akawaone ngati sakusemphana ndi lamulo la dziko. Kumeneko mungapemphenso mgwirizano wolembedwa woyendetsera nkhalangoyo, umene umakutetezani tsiku limene munthu wa galimoto adzabwere ndi kalata yonena kuti phirilo wagula.

Chachitatu: yankhani funso la nkhuni musanatseke

Pa msonkhano mayi wina adzaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga tiziphikira chiyani?" Ngati mulibe yankho, mwangosamutsira chipululu ku phiri la mudzi wina, kapena mwaphunzitsa anthu kuba usiku.

Musatseke phiri lonse tsiku limodzi. Ligaweni zigawo zitatu kapena zinayi. Tsekani kotheratu chigawo chomwe chili ndi kasupe kapena chotsetsereka kwambiri, kwinako muzilola kutola nkhuni zouma masiku oikika pa sabata, opanda nkhwangwa, chikwanje chokha. Nthambi zochokera ku ntchito yotengulira, imene tifikeko posachedwa, zimapereka mitolo yambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo zigawidwe kwa amene agwira ntchitoyo. Kumudzi limbikitsani nandolo, chifukwa mapesi ake ndi nkhuni za miyezi ingapo, mbaula za chitetezo zimene zimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndi mitengo yokula msanga monga kesha ndi nsungwi m'malire a minda ndi kuseri kwa nyumba. Mitengo yachilendo malo ake ndi amenewo, osati kuphiri.

Chachinayi: moto

Apa ndi pamene ntchito yonse imapulumukira kapena kufera. Mudzi ungasunge phiri zaka zinayi, mphukira n'kufika m'mapewa, tsiku limodzi la mphepo mu Okutobala n'kubwerera pa chiyambi.

Moto wonse si wofanana. Ku Ndola m'dziko la Zambia, akatswiri a nkhalango anapatula minda yoyesera mu 1933: ina ankaitentha mochedwa chilimwe chili pachimake, ina ankaitentha molawirira mvula itangosiya, ina sankaitentha n'komwe. Patapita zaka zambiri, kumene ankatentha mochedwa mitengo ya mtundu wa mombo inali itatha pafupifupi yonse, kutatsala udzu ndi mitengo yochepa yopirira moto. Kumene ankatentha molawirira nkhalango inaima bwinobwino, osasiyana kwambiri ndi kumene moto sunkafika. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo tchire mu Seputembala: nthawi imeneyo mombo ndi tsamba zimakhala zitatulutsa masamba anthete ofiira aja, mvula isanagwe, pogwiritsa ntchito chakudya chomwe zinasunga m'mizu. Moto ukapsereza masamba amenewo, mtengo umayenera kutulutsa ena kuchokera m'nkhokwe yomwe yatha kale. Ndi nthawi yomweyonso imene zikhokhombe za mitengoyi zimathetheka ndi dzuwa masana, kumwaza mbewu pansi, ndipo nkhwali ndi tinyama tating'ono timakhala tilibe kothawira chifukwa kwina konse kwapsa.

Ndiye chitani izi. Mu Epulo ndi Meyi, anthu akamamaliza kukolola, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malire onse, yotambalala mamita osachepera 5, ndipo muonjezere kumbali imene mphepo ya chilimwe imachokera komanso kumene kuli tsekera wamtali. Kumweta kokha sikokwanira. Palani ndi khasu mpaka dothi lionekere, ndipo zinyalala muzikokere mkati mwa munda kapena muzitenthe madzulo pali anthu. Ngati phiri ndi lalikulu, dulaninso njira ina pakati kuti moto ukalowa upsereze mbali imodzi yokha. Pa malo otsetsereka kwambiri njira yopalidwa imasanduka ngalande, choncho ikani timizere ta miyala mopingasa kuti madzi asathamange. Mu Ogasiti bwererani mukasese masamba amene agwera m'njiramo, chifukwa moto umawolokera pa masamba omwewo.

Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, mphukira zikadali zazifupi, musalole moto uliwonse. Koma dziwani kuti udzu wosapsa umaunjikana, ndipo ukadzayaka umayaka koopsa. Mankhwala ake ndi chisikilo. Tsegulani phiri mu Juni ndi Julayi kuti anthu amwete udzu wofolera nyumba ndi womangira mipanda, kuyambira m'mbali mwa njira ya moto kulowa mkati, ndipo aliyense womweta apalire mozungulira timitengo tomwe wapeza. Udzu umenewu ndi phindu loyamba limene mudzi umaliona ndi maso.

Mitengo ikapitirira msinkhu wa munthu wamkulu, mukhoza kuyamba kutentha molawirira m'malo amene udzu wachuluka ndipo omweta sakufikako. Chitani zimenezi kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, udzu ukadali ndi chinyezi m'tsinde, madzulo mphepo itagona, muli anthu okwanira onyamula nthambi zauwisi, ndipo mlangizi wa za nkhalango alipo. Yatsani kuchokera pamwamba kuti moto utsike pang'onopang'ono, chifukwa moto wokwera phiri umathamanga kuposa munthu. Moto wabwino umasiya mawanga, pena papsa pena ayi. Mukaona lupsa lakuda bii kuchokera uku mpaka uko, mwachedwa nawo. M'khwawa ndi pa kasupe musayatse konse.

Otsala ndi oyatsa. Ambiri ndi ana osaka mbewa, alenje, ofula njuchi ndi muuni wa udzu, ndi alimi otentha mapesi pososa. Ana osaka mbewa musangowakalipira. Apatseni malo m'minda yokololedwa kutali ndi phiri, ndipo aphunzitsi a pa sukulu yapafupi alankhule nawo isanafike tchuthi. Gwirizananinso chizindikiro, kaya ndi belu la ku tchalitchi kapena chitsulo chopachikidwa pa bwalo, choti chikalira aliyense wamphamvu athamangire kuphiri.

Chachisanu: kutengulira zitsa

Chitsa chosiyidwa chokha chimatulutsa mphukira khumi kapena makumi awiri, zonse zowonda, zolimbirana madzi, ndipo chimangokhala chitsamba. Zili ngati chimanga chomera zisanu pa phando limodzi: mukapanda kupatulira simukolola chisononkho cholozeka.

Dikirani mphukira zifike m'chiuno kapena kupitirira, kuti muone zamphamvu. Pa chitsa chilichonse sankhani ziwiri, zitatu, zikachuluka zisanu, zoongoka, zonenepa, zomera m'munsi mwa chitsa pafupi ndi dothi, chifukwa zomera pamwamba zimakhadzuka ndi mphepo chitsa chikayamba kuola. Zinazo dulani. Chikwanje chikhale chakuthwa kwenikweni, ndipo muzidula chokweza, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mukatema chotsitsa, nthambi imagwa ikusenda khungwa mpaka pa tsinde, ndipo bala limenelo ndi khomo la chiswe ndi matenda. Pa mphukira zomwe mwasiya, sadzani tinthambi ta m'munsi mpaka theka la msinkhu wake basi. Mukaimeta mpaka kunsonga imatalika mowonda n'kupindika. Ena amamangirira kansanza kofiira pa mphukira zosankhidwazo kuti wotola nkhuni adziwe kuti izi zili ndi mwini.

Nthambi zodulidwa zisiyeni pansi masiku angapo kuti masamba ayoyokere pomwepo, kenako mutenge nkhuni zokha. Musaziunjike pa tsinde la mtengo, moto ungadzapezepo chakudya. Ntchitoyi imayenda bwino m'miyezi yozizira ntchito ya kumunda itachepa, ndipo mubwerezenso chaka chotsatira chifukwa chitsa chimaphukiranso pomwe mwadula.

Pali chiyeso chimene muyenera kuchikana: kusiya mitengo ya matabwa ndi ya zipatso yokha, n'kuchotsa ina yonse ngati zinyalala. Mukatero mupeza munda wa mitengo, osati nkhalango. Chitimbe, mpoza, nthudza, mteme, kadale, zitsamba zaminga ndi zilambe zonse zili ndi ntchito, zina ndi mankhwala, zina zimachita maluwa pamene mitengo ikuluikulu ilibe, zina ndi mobisalamo nkhwali. Samalaninso ndi msuku. Uli ndi waumuna ndi waukazi, ndipo waumuna subala. Anthu amaudula poti ndi wosabereka, kenako n'kumadabwa kuti masuku achepa. Chokhacho choyenera kuzula ndi mizu yomwe ndi lantana, chitsamba chachilendo cha timaluwa tamawangamawanga chija, chifukwa chikayanga pansi pake sipamera kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi: madzi, ndi malo oyenera mbande

M'zigwembe ikani timadamu ta miyala mopingasa, tating'ono koma tambiri, kuyambira kumtunda kutsika, pakati pake potsikirapo kuti madzi adutse pamwamba osati m'mbali. Dothi likaunjikana kuseri kwake dzalanipo vetiva kapena nsenjere. Kuyambira kumunsi n'kutaya mphamvu, madzi a mvula yoyamba amakokolola zonse.

Mbande zili ndi malo ake: pamene panali uvuni wa makala ndipo dothi linapsa mpaka mizu kufa, pamene panalimidwa zaka zambiri zitsa n'kuzulidwa, ndi m'mbali mwa mtsinje. M'khwawa dzalani katope, mkuyu, mbawa ndi chiwale. Bulugamu asayandikire kasupe, amamwa madzi kwambiri. Siyani mpata wosalimidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo apa padzafunika kukambirana mofatsa ndi eni madimba, chifukwa dimba ndi ndiwo komanso fizi ya ana. Ngakhale mzere wopapatiza wa bango ndi mitengo uli bwino kuposa khasu lofika m'madzi.

Mukafuna kufesa msuku, fesani njere zake masiku omwewo mwadya chipatso, chifukwa zikauma sizimera. M'machubu sakanizanimo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. Mizu ya msuku, mombo ndi tsamba imakhalira limodzi ndi ulusi wa bowa umene umaithandiza kuyamwa madzi ndi chakudya m'dothi losauka, ndipo mbande yopanda bwenzi lakelo imangokhala yachikasu osakula. N'chifukwa chake ndelema ndi manyame simungawapeze m'munda wa chimanga kapena pansi pa malaina. Mitengo yake ikatha nawonso amatha, ikabwerera amabwerera.

Chachisanu ndi chiwiri: siyirani nyama pokhala

Nyama simuchita kukazitenga. Zimabwera zokha zikapeza pobisala, chakudya, madzi ndi njira yofikira. Zoyamba ndi tizilombo ndi mbalame: njuchi, agulugufe, apumbwa, njiwa, kenako nkhwali ndi nkhanga udzu ukasiya kupsa. Akalulu, agologolo ndi achanga amatsatira, ndipo ngati kufupi kuli nkhalango ina yaikulu, tsiku lina mudzaona mapazi a gwape pa matope a kasupe.

Kuti zimenezi zitheke, nkhalango isasesedwe ngati bwalo. Mtengo wouma woimirira wokhala ndi mphako usagwetsedwe. Ndi nyumba ya gogomole, kadzidzi, changa ndi njuchi. Za kadzidzi tonse tikudziwa zomwe timanena akalira padenga, koma kuphiri ntchito yake ndi kudya mbewa ndi makoswe omwe amaononga mbewu kumunda. M'chigawo chotsekedwa zipika zina zisiyidwe ziolere pansi. Zulu zisagumulidwe kuti muumbe njerwa: pachulu pamamera mitengo yakeyake, pamatuluka utale ndi ngumbi, ndipo m'mauna ake mumakhala nyenga ndi ng'azi. Mkuyu uliwonse, ngakhale wopindika, ndi wosakhudza, pakuti nkhuyu zimadyetsa mbalame ndi mileme pa nthawi imene kulibe zipatso zina, ndipo zimenezi ndi zomwe zimadzala nkhalango ndi zitosi zawo.

Kankhalango kokhala pakokha pakati pa minda sikasunga nyama zambiri. Yang'anani pa mapu anu aja muone ngati khwawa lingalumikize phiri ndi msitu wa kumanda, kapena ndi nkhalango ya mudzi woyandikana nawo. Mzere wa mitengo wotsata mtsinje ndi msewu wa nyama.

Uzimba wa agalu, makhwekhwe a waya, ulimbo ndi malegeni ziletsedwe m'nkhalangomo, ndipo a komiti akamayendera azichotsa misampha yomwe apeza. Wina akapeza ngaka, asaigwire n'cholinga chokagulitsa. Kuchokera pamene lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, kupezeka ndi ngaka kungamutengere munthu kundende zaka zofika 30, ndipo amene amamangidwa kawirikawiri ndi wakumudzi wonyengedwa ndi ogula. Isiyeni ipite, kapena ngati yavulala dziwitsani a nthambi ya za nyama zakutchire kapena apolisi.

Tisanamizane, zobwerera si zokoma zokhazokha. Apusi, anyani, nungu ndi nguluwe zimadya chimanga, ndipo woyamba kulira ndi mwini munda wa m'tsinde mwa phiri. Kambiranani zimenezi zisanachitike. Mabanja amenewo akhale oyamba pa udzu, pa ming'oma ndi pa nkhuni, alimbikitsidwe kudzala tsabola kapena mbewu zina zosakondedwa ndi anyani m'mizere yoyandikana ndi tchire, ndipo nguluwe zikafika povuta kauzeni a za nyama zakutchire m'malo mothira poizoni, amene amapha ndi agalu, mbalame ndi zina zonse zodya nyama yakufayo.

Chachisanu ndi chitatu: phindu lioneke msanga, ndipo lilembedwe

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anthu sangalambule njira ya moto chaka ndi chaka chifukwa cholonjezedwa matabwa a mlombwa amene adzacheke zidzukulu. Udzu umabwera chaka choyamba. Njuchi zingayambe chaka chachiwiri ngati pafupi pali madzi ndi maluwa: pachikani ming'oma ya matabwa pa mthunzi, pa waya wopaka girisi kuti nyerere ndi linthumbu zisakwere, motalikira pansi kuti chiuli asafikire. Ming'oma ya makungwa ikanizeni, chifukwa mng'oma umodzi ndi mtengo umodzi waukulu wophedwa. Pofula gwiritsani ntchito chofukizira utsi, osati muuni, ndipo muzisiyira njuchi zisa zina. Phiri lokhala ndi ming'oma limapezanso alonda aulere, pakuti mwini mng'oma salola moto.

Bowa azitoledwa ndi amene amamudziwa bwino, chifukwa chaka chilichonse timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala kaamba ka bowa wolakwika. Masuku atoledwe akagwa okha kapena pogwedeza nthambi pang'ono, osati kuponda tsinde ndi mwala mpaka khungwa kuchoka monga timaonera m'misuku ya m'mbali mwa misewu. Matondo ndi mphalabungu zikabwera, lamulo likhale loti palibe kugwetsa mtengo kapena kudula nthambi pofuna kuzitola, ndipo masiku otola akhale ndi malire kuti zina zitsike zilowe m'dothi. Zimenezo ndi zomwe zimadzasanduka agulugufe oikira mazira chaka chamawa.

Ndalama ndi zimene zimapha makomiti ambiri. Chilichonse cholowa, kaya ndi chindapusa, kaya ndi cha uchi, chilembedwe m'kope ndipo chiwerengedwe pa bwalo pamaso pa onse miyezi itatu iliyonse. Msungichuma asakhale wa nyumba imodzi ndi wapampando.

M'kope lina muzilemba za nkhalango yeniyeniyo. Chaka chilichonse mwezi womwewo bwererani pa malo a zikhomo aja, muwerengenso mitengo ndi kupima msinkhu wake ndi ndodo. Imani pa mwala umodzimodzi mujambule phiri ndi foni. Lembani tsiku limene kasupe waphwa ndi limene wayambanso, moto ngati unalowa ndi kumene unachokera, ndi nyama kapena mbalame imene yaoneka koyamba. Zolemba zimenezi zimathetsa mkangano ndi amene amati palibe chikusintha, ndiponso ndi umboni mukapita ku ofesi ya za nkhalango kukapempha chilolezo chodula kapena kugulitsa.

Ikafika nthawi yodula nsichi ndi mapaso, dulani chigawo chimodzi pa nthawi, mosankha, komiti itaika chizindikiro pa mtengo uliwonse wololedwa, ndipo musiye mitengo ikuluikulu yobala mbewu yomwazikana m'chigawomo, chifukwa mbewu za mombo ndi tsamba sizigwa kutali ndi mayi wake. Dulani osapitirira m'bondo, mopendeketsa kuti madzi a mvula asakhazikike pa chitsa, ndipo musasonkhepo moto. Mukatha, chigawocho chitsekedwe kwa mbuzi ndi moto mpaka mphukira zake zitapitirira msinkhu wa munthu, ndipo pokhapo mutsegule chotsatira.